Kumbuyo kulibe maso

Amayi anga anachitidwa opareshoni kawiri ndi munthu mmodzi. Ulendo woyamba chilonda chinachita mafinya, ndipo ababa analumbira kuti munthuyo sadzawakhudzanso. Ulendo wachiwiri anawakhudzanso, ndipo lero amayi ali kudimba, akupalira mbatatesi ngati kale. Pakati pa maulendo awiriwa panachitika chinthu chomwe ine ndachimvetsa chaka chino, nditachita manyazi pamaso pa anzanga m'kalasi yathu ya zauphunzitsi.

Kwathu ndi kumapiri a Dedza, chakufupi ndi Bembeke, komwe mu Juni madzi a m'ndowa amaluma zala ndipo chifunga chimakuta minda mpaka dzuwa litakwera. Ndili Fomu 2 kusukulu yogonera komweko, amayi anali ndi pakati pa mlongo wanga wotsiriza. Mwanayo anagona chopingasa, choncho usiku womwewo anawathamangitsira kuchipatala china ndi kuwalowetsa m'chipinda cha opareshoni. Mwana anatuluka wamoyo. Koma patapita masiku asanu chilonda chinatupa, chinayamba kutuluka mafinya, ndipo amayi anakhala m'chipatalamo pafupifupi mwezi wathunthu. Chaka chisanathe, pansi pa mchombo pomwe anasokedwa panatuluka chotupa chomwe chinkakula akatsokomola kapena akanyamula ndowa. Achipatala anati ndi hernia: mnofu wolimba wa m'kati sunalumikizane bwino, ndiye matumbo ankakankha khungu. Kwa zaka zitatu amayi ankayenda atamanga chitenje pamimba, ndipo kudimba anasiyako.

Kumudzi aliyense wovala malaya oyera timamutcha adokotala, koma amene anachita opareshoniyo anali clinical officer. M'zipatala za m'maboma muno m'Malawi, maopareshoni ambiri amachitidwa ndi anthu amenewa. Amaphunzira zaka zitatu m'makoleji monga Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe ndi Malamulo College of Health Sciences ku Thyolo, n'kukagwira ntchito moyang'aniridwa chaka chimodzi, kenako amatumizidwa kuboma. Madokotala akatswiri a opareshoni ndi ochepa, ndipo ambiri amapezeka m'zipatala zikuluzikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu. Mayi wa kumudzi akavutika pobereka pakati pa usiku, nthawi zambiri moyo wake umakhala m'manja mwa clinical officer.

Nditalemba mayeso a MSCE, amayi anaitanidwa kuti akakonze chotupacho, ndipo ine ndinapita ngati wowadikirira. Tsiku loti mawa lake alowa, m'wodi munalowa bambo yemweyo wa zaka zitatu zapitazo. Pambuyo pake panali dokotala wina waimvi, atagwira kabuku kakang'ono. Bamboyo anatipatsa moni, anafotokoza zomwe adzachite, kenako anati, "Awa ndi adokotala akuluakulu, achokera kuchipatala chachikulu. Opareshoni ndidzachita ndine, koma iwo adzakhala momwemo kundiyang'ana ndikugwira ntchito."

Atangotuluka, ababa anandikokera pakhonde. "Wamva, mwanawe? Wabwera ndi womuyang'anira. Ndiye kuti ntchitoyi sakuidziwa. Amako si chidole choti wina aphunzirirepo." Anali atawerengera kale kuti akagulitsa mbuzi ziwiri ndi matumba a mbatatesi omwe anatsala, akwanitsa kupita nawo ku Lilongwe. Anakawauza amayi zomwezo. Amayi anamvetsera mpaka ababa anatha mawu, kenako anayankha motsitsa: "Bambo, mimbayi ndi yanga. Munthu woopsa ndi wobisa ntchito yake. Uyu wadziitanira yekha mboni." Anapempha cholembera n'kusaina chikalata.

Ndivomere pano kuti tsiku limenelo ndinali mbali ya ababa. Ndinkaona ngati amayi atopa ndi matenda ndipo angodzipereka.

Opareshoniyo anawabaya jekeseni ya pamsana, choncho anali maso nthawi yonse, kungoti kutsogolo kwawo anatchingako nsalu. Atatsitsimuka anandisimbira zomwe anamva. Asanayambe, namwino anawafunsa dzina lawo ndi chomwe abwerera, anafunsa anzake ngati mankhwala oteteza chilonda ku tizilombo aperekedwa kale, ndipo anawerenga mokweza zipangizo ndi tinsalu topukutira magazi. Dokotala waimvi uja, anati amayi, anangoyankhula katatu kapena kanayi basi. "Ndipo sankakalipa ayi. Ankafunsa. Ndinkamva kuti ndi funso chifukwa winayo ankayamba waganiza, kenako n'kuyankha." Chilonda chinapola popanda vuto. Ababa anati ndi mwayi chabe, ine n'kuvomereza, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chaka chino, pano pakoleji, tinafika pa gawo lomwe aliyense amaphunzitsa anzake kwa mphindi khumi ndi zisanu, wina akujambula kanema pafoni. Ine ndinasankha kayendedwe ka magazi m'thupi. Ndinakonzekera usiku uwiri, ndinajambula mtima wokongola pabolodi, ndipo pokhala pansi ndinali wotsimikiza kuti ndaphunzitsa bwino kuposa onse. Kenako aphunzitsi athu anaika kanemayo kuti tonse tionere.

Mtsikana wa mu kanemayo sindinamuzindikire. Ankayankhula ndi bolodi, ophunzira atawapatsa msana. Akatembenuka ankangoyang'ana mbali ya kumanja komwe kunakhala mnzake wogona naye chipinda chimodzi. Choipitsitsa, ankafunsa funso n'kuliyankha yekha munthu asanakweze n'komwe dzanja. Anafunsa mafunso asanu ndi awiri, ndipo asanu anayankha yekha. Anzanga ena anaseka, ngakhale kuti anyani amasekana zikundu, pakuti awo makanema anali asanaonetsedwe. Aphunzitsi sanandipatse mndandanda wa zolakwa. Anangoti, "Achemwali, inuyo mwaonapo chiyani?" Ine ndinati sindinaonepo kanthu. Kwa masabata awiri ndinkawazemba, ndikawaona akubwera ndinkakhotera kulaibulale. Mumtima ndinkati: ine amene ndinakhoza bwino MSCE, andichititse manyazi chonchi?

Tsiku lina anandipeza komweko kulaibulale. Sanatchule za kanema. Anangondisiyira mapepala n'kunena kuti, "Mukawerenge, ndi nkhani ya madokotala, siikukhudzani." Inali nkhani yomwe Atul Gawande, dokotala wa opareshoni wa ku Boston m'dziko la America, analemba m'magazini ya The New Yorker mu 2011. Iye atagwira ntchito zaka zisanu ndi zitatu, anaona kuti wasiya kupita patsogolo: chiwerengero cha odwala ake opeza mavuto pambuyo pa opareshoni chinali chitasiya kutsika. Anadzifunsa chifukwa chake akatswiri a masewero ndi oimba otchuka amakhalabe ndi makochi, pomwe dokotala akangolandira satifiketi palibenso womuyang'ana. Ndiye anapempha Robert Osteen, dokotala wopuma pantchito amene anamuphunzitsapo kale, kuti adzaime pambali n'kumuonerera. Opareshoni ya tsiku limenelo inayenda bwino, koma Osteen anali atadzaza kabuku. Anaona kuti nthawi zina chigongono cha Gawande chinkakwera kufika paphewa, zomwe zimachepetsa kukhazikika kwa dzanja. Anaona kuti nyale inasuntha n'kusiya kuunika pachilonda popanda wozindikira, ndiponso kuti momwe anayalira nsalu pa wodwala zinkamupanikiza womuthandiza. Zonsezi zinali zazing'ono, ndipo palibe chimene mwini wake akanadzionera yekha. Kumapeto kwa nkhaniyo Gawande akusimba kuti atauza wodwala wina kuti munthu waima pakonayo ndi kochi wake, wodwalayo sanaoneke womasuka. Nditafika pamenepo ndinaika mapepala pansi, chifukwa ndinaona nkhope ya ababa pakhonde la chipatala lija.

Ndinapitiriza kufufuza. Mu 2013, madokotala a ku Michigan motsogozedwa ndi John Birkmeyer anapempha akatswiri 20 a opareshoni ya m'mimba kuti aliyense apereke kanema wa ntchito yake. Madokotala anzawo anaonera makanemawo osadziwa mwini wake, n'kupereka malikisi pa luso la manja. Atayerekeza malikisiwo ndi zomwe zinachitikira odwala, anapeza kuti kwa madokotala a malikisi otsika, odwala pafupifupi 15 mwa 100 alionse ankapeza mavuto pambuyo pa opareshoni, pomwe kwa a malikisi okwera anali pafupifupi 5 okha. Onsewo anali ndi masatifiketi, ndipo kuchuluka kwa zaka pantchito sikunasonyeze amene ali waluso. Munthu angathe kubwereza chizolowezi cholakwika zaka khumi, namachitcha luso.

Ndinapezanso gwero la mafunso omwe amayi anamva namwino akufunsa. Mu 2008 bungwe la World Health Organization linatulutsa mndandanda wa zinthu 19 zoyenera kutsimikizira mokweza, wodwala asanagonekedwe, mpeni usanakhudze khungu, ndiponso asanatuluke m'chipindamo. Unayesedwa m'zipatala zisanu ndi zitatu za m'mayiko osiyanasiyana, chimodzi mwa izo cha ku Ifakara ku Tanzania, ndipo odwala opeza mavuto aakulu anatsika kuchoka pa 11 kufika pa 7 mwa 100 alionse. Chomwe chinandigwira mtima n'chakuti mndandandawo umapatsa namwino ufulu wofunsa dokotala ngati wachita chakuti. Wamng'ono amaloledwa kukhala maso a wamkulu.

Patchuthi chapitachi ndinaperekeza amayi kukaonetsa mlongo wanga kuchipatala chomwechija, ndipo ndinawaona adokotala aja akudya chimanga chootcha kuseri kwa wodi. Ndinalimba mtima n'kuwafikira. Ndinawakumbutsa za amayi, ndipo ndinadabwa kuti anawakumbukira, ndi maopareshoni onse awiri. Ndinafunsa funso lomwe linkandisowetsa mtendere: "Adokotala, kodi akuluakulu aja anatumidwa kudzakuyang'anirani chifukwa cha zomwe zinachitika poyamba?"

Anaseka. "Ayi, aphunzitsi. Iwo ankabwera kudzayendera chipatala. Ndine ndinawapempha kuti alowe nane. Ndinkaona kuti zilonda zanga zina zikubwerera, koma ndikadzifunsa sindinkapeza pomwe ndikuphonya. Manja amachita zomwe anazolowera, ndipo iwe uli pamenepo maso ako ali m'mimba mwa wodwala, sungathe kudziona."

Anandifotokozera zomwe dokotala waimviyo anaona pa maulendo angapo. Potseka mimba, iwo ankaluma mnofu waukulu ndi singano, motalikitsa, n'kukoka ulusi mwamphamvu poganiza kuti kulimbitsa ndiye kuteteza. Koma ulusi wokokedwa kwambiri umafinya mnofu, magazi osayenda, ndipo mnofu wopanda magazi supola. Mkuluyo sanawauze kuti akulakwa. Anawafunsa kuti ulusi womwe agwiritsa ntchito ndi wautali bwanji pouyerekeza ndi chilonda. Atayeza, anapeza kuti unali waufupi, pomwe muyezo wodziwika ndi woti ulusi utalike kanayi kuposa chilonda, kusoka pang'onopang'ono moyandikana. Chachiwiri chinali nthawi ya mankhwala oteteza ku tizilombo, omwe amayenera kulowa m'thupi mpeni usanakhudze khungu, koma pa changu cha usiku nthawi zina ankaperekedwa mochedwa.

"Sindinganene kuti izi ndi zomwe zinachititsa vuto la amayi anu," anatero. "Chilonda chimachita mafinya pa zifukwa zambiri. Koma sindingakanenso. Tsiku lomwe ndinawaona pa mndandanda wa odwala, ndinafuna kuwapatsira kwa mnzanga. Adokotala aja anandifunsa kuti, mukawapatsira kwa wina, mayi wotsatira wobwera usiku mudzamupatsira kwa yani?"

Ndinawafunsa ngati sanachite manyazi. Anati manyazi analipo, makamaka pamaso pa anamwino omwe anagwira nawo ntchito zaka zambiri. "Koma manyazi anga amatha pofika madzulo. Chotupa cha amayi anu chinatenga zaka zitatu."

Maulendo otere a akatswiri si achilendo m'dziko muno. Kuyambira mu 2011, College of Medicine ya ku Blantyre, yomwe lero ili mu Kamuzu University of Health Sciences, inagwirizana ndi Royal College of Surgeons in Ireland pa ntchito yotchedwa COST-Africa. Ma clinical officer 17 anachita digiri ya opareshoni, ndipo gawo lalikulu la maphunzirowo linachitikira m'zipatala za m'maboma momwe ankagwira ntchito, akatswiri akuwayendera n'kuima nawo pa tebulo la opareshoni. M'zipatala zisanu ndi zitatu zomwe anatumizidwa, maopareshoni akuluakulu anachuluka ndi 74 peresenti pakati pa 2013 ndi 2015. Mu 2017 inayamba ntchito ina, SURG-Africa, m'Malawi, Zambia ndi Tanzania, yomwe inkatumiza magulu a akatswiri kukayendera zipatala za m'maboma. M'chigawo chakummwera anakhazikitsanso gulu la pa WhatsApp, momwe clinical officer ankatha kufunsa akatswiri a ku Queen Elizabeth asanaganize zotumiza wodwala ku Blantyre. Ndipo ku Malamulo kwathu ku Makwasa, kuyambira mu 2014, madokotala amaphunzira ukatswiri wa opareshoni kwa zaka zisanu pansi pa bungwe la PAACS, tsiku ndi tsiku wamkulu ataima pafupi ndi wophunzira.

Komabe pali kusiyana pakati pa kuphunzitsa wophunzira ndi zomwe zinachitika m'chipinda chomwe munali amayi. Wophunzira amayang'aniridwa chifukwa malamulo amatero, ndipo palibe amadabwa. Chovuta ndi munthu amene anamaliza kale, amene anthu amamutcha adokotala kapena aphunzitsi, kuti anene yekha kuti bwerani mudzandione. Kuti zimenezi zitheke, ndaona kuti pamafunika zinthu zitatu. Woyang'anidwayo akhale wofuna yekha, ndipo atchule yekha chomwe akufuna kukonza. Woyang'anayo anene zomwe waona ndi maso, monga chigongono chokwera kapena ulusi waufupi, osati kuweruza munthuyo kuti ndi wotani. Ndipo zomwe zalembedwa m'kabuku zisakhale zokamuchotsera munthu ntchito. Chikangosowa chachitatuchi, aliyense amabisa. Ife amene tinaphunzira m'sukulu za pulayimale za kumudzi tikukumbuka zomwe zinkachitika kukamveka kuti a PEA akubwera: bwalo linkasesedwa, aphunzitsi ankabwereza phunziro lomwe tinaphunzira kale, ndipo tonse tinkakweza manja. Mlendo ankapita wokondwa, ife n'kubwerera ku zakale. Dzina lawo ndi alangizi, koma mantha ankawasandutsa oweruza.

Sindikufuna kunamizira kuti zonse zili bwino. Katswiri akapita kuboma kukaima pambuyo pa mnzake, kuchipatala chachikulu amasiyako mzere wa odwala omudikira. Ulendowo umafuna galimoto ndi mafuta, ndipo ntchito zambiri zotere zimayenda ndi ndalama za mabungwe akunja zomwe zimakhala ndi tsiku lothera. Adokotala aja anandiuza kuti mkulu waimviyo sabweranso kawirikawiri. Zomwe achita n'zakuti iwo ndi mnzawo wa pachipatalapo amasinthana: kamodzi pamwezi wina amalowa m'chipinda cha mnzake wopanda chogwira, ndi kabuku kokha. Palinso vuto la chikhalidwe chathu. Tinaleredwa kuti wamng'ono sawongolera wamkulu, ndipo ulemu umenewu ndi wabwino. Koma ukafika poti namwino aone kuti kansalu kamodzi sikakuoneka n'kukhala chete poopa adokotala, ulemuwo walipiridwa ndi wodwala amene sanafunsidwe n'komwe.

Ababa sindiwaimba mlandu. Mantha awo anali a munthu amene anaona mkazi wake akuvutika zaka zitatu. Ndipo maganizo awo ndi omwe ambirife tili nawo, akuti wodziwa ntchito safuna womuyang'ana. Ndi maganizo omwewo amene anandibisa kulaibulale masabata awiri. Amayi, omwe sukulu analekera Sitandade 8, ndiwo anaona zomwe ife tinalephera kuona, mwina chifukwa ndi iwo amene ankakagona patebulopo.

Anzanga amene tikukonzekera uphunzitsi, ntchito yathu ili ndi ngozi yomwe ya dokotala ilibe. Dokotala akalakwitsa, chilonda chimabwerera n'kudzamuuza. Ife tikalakwitsa, mwana sabwerera. Amangokhala chete kumbuyo kwa kalasi, n'kuyamba kukhulupirira kuti Biology si ya anthu ngati iye, ndipo ife tidzapuma pantchito tikudziyesa aphunzitsi abwino. Posachedwa tidzatumizidwa m'sukulu za kutali, momwe chitseko cha kalasi chikatsekedwa palibe wamkulu wina amene adzaone zomwe tikuchita kwa zaka zambiri, pokhapokha titamuitana tokha.

Sukulu itatsegulidwa ndinapita ku ofesi ya aphunzitsi aja. Ndinawauza kuti ndaona zinthu zitatu mu kanemayo, koma ndikufuna kuyamba ndi chimodzi, chodziyankha ndekha mafunso. Anandiuza za Mary Budd Rowe, mphunzitsi wa sayansi wa ku America, amene anapeza kuti aphunzitsi ambiri akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, ndipo akadikira masekondi atatu kapena kuposa, ophunzira ambiri amayankha ndipo mayankho amakhala ataliatali. Tinagwirizana kuti pa phunziro lotsatira iwo akhale kumbuyo ndi wotchi, asalembe china chilichonse koma masekondi.

Ndinafunsa funso loyamba n'kuyamba kuwerenga chamumtima. Masekondi atatu ndi aatali kuposa momwe mungaganizire. Lilime linkayabwa, yankho lili kale pamilomo. Ndili pafupi kugonja, dzanja linakwera kumanzere, mbali ija sindinkayang'anako, ndipo linali la mnyamata amene chiyambire chaka ndinali ndisanamvepo mawu ake m'kalasi.

Phunziro litatha, aphunzitsi anandionetsa kabuku kawo. Pa mafunso asanu ndi limodzi, ndinadikira pa anayi. Awiri ndinayankhabe ndekha. Ndawapempha kuti abwerenso Lachitatu.